Uthenga wa M'kadengu

Pa seminale yakale ija ndinagwirapo ntchito zaka zambiri, koma mwana wa seminale sindinamuonepo ngakhale mmodzi. Pamene ndinkafika, ophunzira unsembe anali atasamutsidwira kale kumalo atsopano. M'munsi mwa mapiri a ku Machinga munangotsala zinyumba zazitali za njerwa zofiira, tchalitchi, holo, mitengo ya mango, ndi wansembe mmodzi wokalamba wochokera kunja, amene tonse tinkangowatchula kuti abambo. Akuluakulu a mpingo anawauza kuti malowo azidzidyetsa okha. Ndiye abambo anayamba kuwabwereketsa kwa aliyense wofuna pochitira msonkhano, phwando kapena mapemphero.

Ankabwera anthu amitundumitundu. Alangizi a zaulimi ankadzaphunzitsana kupopera thonje, n'kutisiyira fungo la mankhwala m'makonde sabata yathunthu. Makalaliki a ku Balaka ankadzadyera ukwati m'holo, ati zithunzi zojambulira pamasitepe a tchalitchi zinkaoneka ngati za ku Ulaya. Amalonda achisilamu anachitirapo misonkhano kangapo. Iwo ankabwera ndi mapoto awo ndi munthu wawo wozinga mbuzi, ndipo ndinene zoona, ankasiya zipinda zaukhondo kuposa Akhristu anzanga. Chipani nachonso chinkabwera. Masiku amenewo dziko linali ndi chipani chimodzi chokha, ndipo icho sichinkapempha malo, chinkangotidziwitsa tsiku.

Ine ndinali wosunga makiyi. Ndinkayala mabedi, kugawa zipinda, kuyang'anira kukhitchini, ndi kulemba dzina la mlendo aliyense m'buku lalikulu lachikuto chakuda limene linkakhala patebulo mu ofesi ya abambo. Sukulu sindinapite nayo patali, koma dzanja langa linali lokongola polemba, ndipo ndinkanyadira zimenezo kuposa muyeso. Ndinali wolusa, sindibisa. Mlendo akachoka ndi kiyi wa chipinda m'thumba ndinkamuthamangira mpaka kumsewu, kaya ndi bwana wa tayi. Amayi ophika ankati ndikamabwera amayamba kumva makiyi, kenako mkwiyo, munthu n'kufika pambuyo.

Mwa alendo onse, amene ndinkawakonda anali a m'bindikiro. Amenewa ankabwera kudzapemphera masiku asanu osayankhula. Belu likalira Lolemba madzulo, pakamwa potseka mpaka Loweruka masana. Ankadya chete, kuyenda m'munsi mwa mango chete, kukumana pakhonde n'kungoweramitsirana mitu. Ife antchito sitinkaloledwa kuwayankhula, ngakhale moni. Kalata kapena uthenga ukabwera wa munthu amene ali pa m'bindikiro, tinkauika m'kadengu kamene kankakhala pafupi ndi buku lija, ndipo abambo ankagawa okha tsiku lomaliza Misa itatha. Uthenga umodzi wokha ndiwo unkaloledwa kumutulutsa munthu: wa maliro. Abambo ankati munthu wasiya dziko masiku asanu okha, dziko silingagwe. Ine lamuloli ndinkalisunga kuposa eni ake. Mayi wina wophika ndinamulalatira mpaka kulira chifukwa anafunsa katekisiti ngati akufuna tsabola.

Chaka chimene ndikunenachi, patchuthi cha sukulu cha nyengo yotentha, kunabwera m'bindikiro wa aphunzitsi. Pakati pawo panali achimwene anga.

Tinabadwa awiri okha, iwo oyamba. Bambo athu anamwalira tili ana, ndipo amayi ankakhala kumudzi ku Phalula, miyendo itatupa, osatha kulima. Achimwene anaphunzirapo pa seminale yomweyo isanasamuke. Anachoka okha patatha zaka zinayi, ati anaona kuti maso awo sankakhazikika m'buku atsikana akamadutsa kupita kuchitsime. Anakhala mphunzitsi, n'kumaphunzitsa pa sukulu ina kwa Kalembo. Kumeneko anakwatira mkazi wachiyao wochokera ku Chiuta, Msilamu, ndipo anakhala bwinobwino, aliyense ndi mapemphero ake, ana atatu. Anali munthu wa nthabwala zosatha. Atafika Lolemba lija anandikokera ku chipinda chimene ankagonamo ali mnyamata n'kundionetsa pamene anazokota zilembo za dzina lawo pathabwa la zenera.

"Achemwali, mundipatse chipinda chomwechi," anatero. "Nsikidzi za muno zimandidziwa, sizindiluma kwambiri."

"Muno mulibe nsikidzi chibwerereni ine," ndinawayankha. "Ndipo mukangotsegula pakamwa belu litalira, ndikuthamangitsani ngati wina aliyense."

Ndinalemba dzina lawo m'buku, ndi dzina la sukulu yawo, mosamala kwambiri, zilembo zazikulu zoonekera patali. Ndinkafuna aone kuti mlongo wawo naye ndi munthu pamalo pano.

Lachinayi m'mawa ndikuyanika nsalu zapabedi kuseri kwa khitchini, ndinaona mayi akubwera kudzera m'munda, osati pachipata. Anali alamu anga, akazi a achimwene. Mapazi ali mbuu, mwana wamng'ono kumbuyo, mpango utapendekeka. Munthu amene sankatuluka m'nyumba asanadzikonze.

"Alamu, kwagwanji?"

Anayang'ana uku ndi uku, n'kundikokera pakati pa nsalu zonyowazo kuti tisaoneke.

"Abwera kawiri," ananong'ona. "Lachiwiri ndi dzulo. Anthu atatu, galimoto yotseka kumbuyo ija. Akufuna aphunzitsi."

"Alakwanji?"

Nkhani yake mpaka lero ndikainena anthu aang'ono amaganiza kuti ndikuseka. Sukulu isanatseke, achimwene anapaka njereza m'kalasi mwawo. Pakhoma panali chithunzi cha mwini dziko, monga zinalili m'kalasi iliyonse, mu ofesi iliyonse, ngakhale m'holo yathu. Anachitsitsa kuti chisadonthere njereza, n'kuchiimika pansi kuseri kwa chitseko, nkhope itayang'ana kukhoma. Chinakhala pamenepo masiku atatu kudikira kuti khoma liume. Wina wa pasukulu pomwepo anakanena kuti aphunzitsi alanga mwini dziko ngati mwana wosamvera, amuyang'anitsa kukhoma. Mlandu wonse unali umenewo. Koma masiku amenewo anthu ankatengedwa pa zochepa kuposa izi, ndipo amene watengedwa sankafunsidwa kuti afotokoze.

"Ndawanamiza kuti apita ku Phalula kukaona amayi," anatero alamu. "Akakawasowa kumeneko abwerera. Mawa sitima yochokera ku Nkaya idutsa kupita ku Nayuchi. Akwere imeneyo. Amalume anga ali ndi bwato ku Chiuta, awaolotsa tsidya lina. Kaitaneni, alamu, pompano."

"Ali pa m'bindikiro."

"Ndiye?"

"Munthu satuluka pokhapokha pali maliro."

Anandiyang'ana ngati ndayankhula chilankhulo cha mbalame. Kenako anandigwira dzanja mwamphamvu.

"Basi kanenani kuti ndi maliro. Nenani kuti amayi atisiya."

Amayi anga ali gone pamphasa ku Phalula, miyendo ngati mitondo, ine ndiime pamaso pa wansembe n'kunena kuti amwalira? Kwathu kumeneko timati kulaula. Ukanena imfa ya munthu wamoyo, waiitana, ndipo ikabwera aliyense adziwa amene anaitsegulira chitseko.

"Mukufuna ndilaule mayi anga ondibala?" ndinatero. "Kwanu mumatero?"

Mawu amenewo, kwanu mumatero, ndinawanena dala kuti awapweteke, ndipo ndimachita nawo manyazi mpaka lero. Alamu sanakwiye. Anangoti, "Walahi, alamu, Mnungu akuona kuti si bodza la njiru. Amayiwo mutawafunsa angakuuzeni kuti nenani."

Ndinawasiya pamenepo n'kupita ku ofesi ya abambo. Maganizo anga anali akuti ndiwauze zonse, iwo aone chochita. Ndinagogoda n'kulowa osadikira, ndipo ndinapeza ali ndi alendo. Atcheyamani a chipani a dera lathu anali pampando, chipewa pabondo, ndipo mlembi wawo, bambo wowonda wa magalasi, anali chiimire patebulo. Anabwera kudzadziwitsa kuti Loweruka achitira msonkhano m'holo. Abambo ankawapempha kuti ng'oma ndi nyimbo zisayambe belu la masana lisanalire, chifukwa kuli anthu akupemphera.

"Musadandaule, abambo," ankatero atcheyamani. "Ife mapemphero timawalemekeza."

Abambo anatembenukira kwa ine. Makutu awo anali atayamba kufa, ndiye ankayankhula mokweza ndipo nawe unkayenera kukweza.

"Inde, amayi?"

"Kwabwera uthenga wa mmodzi wa a m'bindikiro."

"Ndi maliro?"

Anthu atatu onse anali akundiyang'ana. Liwu limodzi lokha, inde, bwenzi zonse zitatha. Atcheyamani omwe bwenzi atagwetsa nkhope n'kunena kuti pepani, achimwene n'kutuluka ndi kachikwama kawo anthu akuwamvera chisoni, palibe wofunsa.

"Iyayi, abambo."

"Ndiye ikani m'kadengu."

Ndinang'amba kapepala n'kulemba kuti alamu anabwera, mundione. Zoona zake sindikanazilemba. Ndikuika m'kadengumo, mlembi uja anali atatsegula buku la alendo kuti alembemo za msonkhano wawo. Ndinamuona akubweza tsamba kumbuyo, chala chake chikutsika pamayina a aphunzitsi, n'kuima. Sanakweze mutu. Ndinadziuza kuti akufuna mzere wopanda kanthu.

Nditabwerera kuseri ndinapeza alamu akuyamwitsa mwana atakhala pamwala wochapira. Ndinawauza kuti abwerere kwa ana awo.

"Muno salowa munthu kudzagwira mnzake," ndinatero. "Ano ndi malo a Mulungu. Ali bwino muno kusiyana ndi pamsewu. Loweruka belu likangolira ndiwauza ndekha, adzera njira ya kuphiri."

Alamu anayang'ana mpanda wathu. Unali wa nkhadze, mbuzi zinkadutsa paliponse pamene zafuna.

"Mpanda uwu ndiwo mukuudalira?" anafunsa.

Ndinawakulungira mbatata yophika ndi nthochi, ndipo anabwerera kudzera m'munda momwe muja. Sanatsanzike.

Apa ndiye pamene ndimakanika kudzikhululukira. Bodza ndinalikana, chabwino. Pamaso pa atcheyamani sindikanatha kunena zoona, chabwino. Koma kuchokera Lachinayi masana kufika Loweruka, achimwene ndinkawaona katatu patsiku. Ndine amene ndinkayenda ndi ketulo m'chipinda chodyera. Ndikanatha kuwerama n'kunena mawu atatu. Ndikanatha kulowetsa kapepala pansi pa chitseko chawo, poti makiyi onse anali m'chiuno mwanga. Ndikanatha kubwerera kwa abambo alendo atapita, n'kutseka chitseko, n'kukuwira m'khutu mwawo.

Zifukwa ndinali nazo, ndipo tsiku limenelo zinkaoneka zolemera. M'chipinda mmene anthu akudya chete, mongomveka masupuni, kunong'ona kumamveka ngati ng'oma, ndipo pagulu la aphunzitsi lotere sipankalephera kukhala mmodzi wotumidwa kudzamvetsera. Ndinkaopanso kuti akathawa usiku wa pakati pa m'bindikiro, adzafunsa wosunga makiyi. Komanso ndinkakhulupiriradi kuti galimoto ija singalowe pachipata chimene chili ndi mtanda pamwamba. Koma pansi pa zonsezo panali chinthu china chonyansa: ine ndinali mayi amene sanaphwanyepo lamulo la chete. Ndinali nditaliza munthu chifukwa cha tsabola. Ndinkaganiza kuti amayi ophika akandiona ndikunong'oneza mlongo wanga adzanena chiyani. Ndikunena izi kuti wina asandimvere chisoni choposa chimene ndiyenera.

Lachisanu m'mawa ndinaima kumbuyo kwa mpando wawo, ketulo m'manja. Ndinaima nthawi yaitali mpaka anatembenuka. Ndikhulupirira milomo yanga inali itayamba kutseguka, chifukwa anamwetulira, n'kuika chala pakamwa pawo, kenako n'kuloza ine, kundiseka kuti mlonda wa chete wafuna kugwa yekha. Mphunzitsi wa pambali pawo anabisa kuseka m'kapu. Ndinathira tiyi n'kupitirira.

Masana a tsiku lomwelo mphepo inkachokera kuchigwa. Ndikusita nsalu za patebulo la msonkhano, ndinamva sitima ikulira kutali, kawiri, kenako zii. Ndinati palibe kanthu, ibweranso ina. Akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo mwambi umenewu ine ndinkaudziwa, ndinkawauzanso ena.

Loweruka kunacha ndi fumbi la magalimoto. Amayi ovala nsalu za chipani anakhala m'munsi mwa mango, ng'oma zili pansi, kudikira belu monga anapanganirana. Anyamata a malaya ofiira ankanyamula mabenchi. Ndinayang'ana magalimoto onse ndili pazenera la khitchini, ndipo kumapeto kwa mzere, pafupi ndi thanki ya madzi, panali ina yotseka kumbuyo. Munali anthu awiri, mmodzi akudya mango ndi mpeni. Sankabisala. Ankangodikira ngati anthu odikira basi.

Ndinathamangira kutchalitchi. Misa yotsekera inali pakati, zitseko zotseka, ndipo pamasitepe panali patakhala mlembi wa magalasi uja, akupukuta nsapato ndi mpango. Anandipatsa moni mwaulemu. Ndinabwerera kukhitchini. Kunalibenso njira ya kuphiri, kunalibe kanthu.

Belu linalira. Aphunzitsi anatuluka akuyankhula onse nthawi imodzi, kuseka, kuitanana, monga zinkakhalira nthawi zonse anthu akamasulidwa pakamwa. Ng'oma nazo zinayamba. Achimwene anadutsa pakati pa gulu molunjika kukhomo la khitchini, kachikwama paphewa, nkhope ili ngwee.

"Achemwali," anatero, "masiku asanu ndakhala ndikusunga funso limodzi. Mchere wa m'nandolo muja mumathira ndi fosholo?"

Ndinawagwira mkono. "Achimwene, tamverani, alamu anabwera..."

"Aphunzitsi, mwamaliza kupemphera?"

Anali mlembi uja, ndi anthu awiri a m'galimoto aja kumbuyo kwake. Ananena kuti pali mawu pang'ono oti akakambirane kuboma, sachedwa. Achimwene anawayang'ana, n'kundiyang'ana ine, ndipo ndinaona kuti amvetsa zonse: kuima kwanga kumbuyo kwa mpando, milomo yanga ija, zonse. Kumwetulira kunachoka pang'onopang'ono.

Abambo anafika nthawi yomweyo ndi kadengu m'manja, akugawa mauthenga, kapepala kanga kali pakati pa zala. Atazindikira chimene chikuchitika anayamba kukuwa kuti munthuyu ndi mlendo wawo, ano ndi malo a mpingo. Mlembi anawayankha mofatsa kuti n'chifukwa chake anadikira masiku awiri, sanafune kusokoneza mapemphero. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Zikomo, amayi. Buku lanu mumalisunga bwino. Dzanja lanu ndi lowerengeka."

Aphunzitsi ena onse, aliyense ankangoyang'ana nsapato zake. Achimwene anayenda pang'ono pakati pa anthu aja, kenako anaima, n'kupisa m'thumba. Anabwerera n'kundiika chinthu m'manja.

"Kiyi wanu uyu," anatero. "Mungandithamangire."

Amenewo ndiwo mawu omaliza amene ndinawamva kwa iwo. Galimoto inatuluka pachipata cha mtanda chija bwinobwino, palibe chinaigwira. Msonkhano unayamba pa nthawi yake. Tiyi wa atcheyamani ndi alendo awo ndinathira ndine, chifukwa inali ntchito yanga, ndipo sindinataye ngakhale dontho.

M'mawa mwake ndinapita kwa Kalembo. Ndinapeza alamu akupeta mpunga pakhonde la nyumba ya sukulu. Atandiona ndili ndekha anaika lichero pansi.

"Munawauza liti?" anafunsa.

"Sindinawauze."

Anayang'ana nkhuku zimene zinayamba kujompha mpungawo, osaziingitsa. Kenako anaitana mwana wamkulu n'kunena kuti, "Apatse azakhali ako madzi akumwa." Nkhaniyo sanaitchulenso, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Akananditukwana, mwina ndikanapeza poyambira. Mwezi usanathe anauzidwa kuti atuluke m'nyumba ya sukulu, ndipo anabwerera kwawo ku Chiuta ndi ana. Anthu a pasukulupo palibe amene anawathandiza kunyamula katundu, poopa kuonedwa.

Tinafufuza, monga mmene anthu ankafufuzira masiku amenewo, monong'ona. Alamu anayenda m'maofesi ndi m'zipata za ndende zonse zimene tinkazimva, mwana kumbuyo, ndipo kulikonse ankauzidwa kuti dzina limenelo kulibe. Abambo analemba makalata, mpaka wina anabwera kudzawakumbutsa kuti iwo ndi mlendo m'dziko muno, ndipo mlendo ndi mame. Anasiya kulemba. Chimene anasintha n'chimodzi: uthenga ukabwera, sankafunsanso ngati ndi maliro. Ankati tsekani chitseko, nenani. Koma sipanabwerenso uthenga wina wotero. Unali umodzi wokha, ndipo ndinausunga.

Amayi ku Phalula ankafunsa mwana wawo nthawi iliyonse ndikapita. Ndinawauza kuti asamutsidwira kumpoto, kutali, kumene makalata amachedwa. Ulendo wina ndinawauza kuti alemba, akupereka moni. Ulendo wina ndinagula shuga ndi sopo pa Balaka n'kunena kuti watumiza ndi mwana wanu. Ine amene ndinakana bodza limodzi la mawu amodzi, ndinanamiza amayi anga miyezi yonse imene anakhala ndi moyo. Anamwalira mvula yotsatira ili pakati, popanda wowalaula. Uthenga wa maliro awo unandipeza pa seminale pomwepo, ndikuyala mabedi, ndipo panalibe wina woti ndikamuitane m'chipinda.

Ntchito sindinasiye. Ndikanapita kuti? Malo anapitirira kubwereketsedwa. Alangizi a thonje ankabwerabe, maukwati ankachitikabe, a m'bindikiro ankayendabe chete m'munsi mwa mango. Chipani chinkabwerabe, atcheyamani omwe aja, mlembi yemwe uja, ndipo ndinkawapukutira mipando ndi kuwongola chithunzi cha pakhoma la holo chikapendekeka. Chipinda cha zilembo zapazenera chija ndinkachigawa kwa alendo ngati zina zonse. Kungoti buku ndinasiya kulemba ndekha. Ndinkapereka cholembera kwa mlendo kuti alembe mwini, ndipo akalemba zosawerengeka ndinkakondwera. Ukali wanga unatha wokha. Amayi ophika ankati ndakhala munthu wabwino, osadziwa kuti ndangokhala munthu wopanda chonena.

Zaka zija zitatha, zipani zitachuluka, anthu ena amene anatengedwa anayamba kubwerera. Ndinkapita kukawaona kulikonse kumene ndamva kuti kwabwera wina, ku Nkaya, ku Liwonde, m'midzi ya kwa Kalembo. Ndinkawafunsa za mphunzitsi wamtali wokonda nthabwala. Mmodzi anati anakhalapo ndi munthu wotero masiku oyamba, kenako anamusamutsa. Wina anati nthabwala kumene kuja zinkatha sabata yoyamba, ndiye sangadziwe. Palibe amene anati anamuona atafa. Palibe amene anati anamuona ali moyo.

Abale a alamu ku Chiuta anafuna kuchita sadaka kuti nkhani ithe, mkazi amasuke. Alamu anakana. Anakalamba ali mkazi wa munthu, osati wamasiye, ndipo ana anakula osadziwa ngati anene kuti bambo athu ali kapena anali. Maliro a achimwene sitinalire. Palibe manda, palibe tsiku, palibe amene anatipepesa. Munthu anangopereka kiyi n'kutuluka.

Tsopano ndakalamba, ndikukhala ku Phalula pamalo a amayi. Ndimamva kuti seminale ija ikubwereketsedwabe, anaipaka penti, ndipo achinyamata amakajambulitsa pamasitepe. Sindinapiteko ndipo sindidzapitako. Kutchalitchi kwathu, mwezi wokumbukira akufa ukafika, amaika dengu patsogolo pa guwa, ndipo aliyense amalemba mayina a abale ake amene anatisiya n'kuponyamo kuti awapempherere. Chaka chilichonse ndimalemba mapepala awiri. Loyamba la bambo ndi amayi, ndimaponya. Lachiwiri limakhala ndi dzina limodzi, lolembedwa bwino, poti dzanja langa silinasinthe. Ndimafika nalo padengu, n'kuima, n'kubwerera nalo. Kuika dzina la munthu pakati pa akufa usanamve uthenga wake n'kulaula.

Chaka chatha wansembe wathu, mwana wamng'ono wobadwa zonsezi zitatha, anandiona nditaima pamenepo, anthu akudikira kumbuyo kwanga. Anayandikira n'kundigwira phewa.

"Agogo, ikani m'dengumo, musaope."

Ndinalipinda pepalalo n'kulimanga pamfundo ya chitenje.

"Si maliro, abambo," ndinatero.